Firmin Cazalbou, Amene Anafulatira Chindege

Firmin Cazalbou anagwira ntchito pabwalo la ndege la ku Toulouse zaka makumi atatu ndi chimodzi, koma akakuuzani kuti sanaonepo matayala a ndege akusiyana ndi nthaka, musamutsutse. Sankanama. Ntchito yake inali yoamira mbalame. M'mawa uliwonse ankachoka kwawo ku Cornebarrieu, kamudzi kotsamira mpanda wa bwalolo, n'kukakwera kagalimoto kachikasu kokhala ndi chimkuzamawu padenga. M'kagalimotomo munkakhala wailesi yolankhulira ndi a pansanja yoyang'anira ndege, magalasi oonera patali, ndi mfuti yophulitsa makombola. Ndege ikayamba kuthamanga, aliyense maso amakhala pa iyo. Koma Firmin ankaima m'mbali mwa msewu wa ndegewo ataufulatira, maso ali kumpanda, kuminda ndi kumitengo kumene mbalame zimachokera, chifukwa mbalame imodzi yokha ikalowa mu injini, maliro ake amatha kukhala a anthu mazana. Akamadzacheuka, ndege ija imakhala ili kale kadontho m'mitambo.

Ntchitoyi anaipeza ali mnyamata chifukwa bambo ake anali mlenje, ndipo pa anthu onse amene anakafunsira, ndi iye yekha amene ankatha kusiyanitsa njiwa ndi khwangwala zili patali. Anakula n'kukhala munthu wochepa thupi, wa khosi lopsa ndi dzuwa, wosakonda zolankhulalankhula. Koma mukamuputa pa nkhani ya mbalame mumachita kumuthawa nokha. Ankadziwa kuti akhwangwala amazindikira galimoto, ndiye masiku ena ankabwereka ya anzake kuti awapusitse. Ankadziwa kuti tepi ya mbalame yolira ndi mantha ukamaiika nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, mbalame zimaizolowera mpaka kumabwera kudzamvetsera. Koma chimene ankalalikira kwambiri, ndi kwa mabwana omwe, chinali udzu. Udzu wa pafupi ndi msewu wa ndege suyenera kumetedwa mpala. Ukakhala wautali, mbalame zimaopa kuteramo chifukwa siziona mdani akubwera. Ukangodulidwa, mbewa ndi ziwala zimakhala pambalambanda, ndipo akabawi amene amamanga zisa m'mphepete mwa mtsinje wa Garonne amafika thalakitala isanazime n'komwe.

Mkazi wake, Solange, ndi amene ankadziwa za ndege m'nyumbamo. Anagwira ntchito kufakitale ya ndege zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kumanga mawaya m'mitolo, waya aliyense ndi nambala yake. Ntchito yake yomaliza inali ya chindege chatsopano chimene tauni yonse inkachikamba, chija chosanja, cha injini zinayi ndi matayala makumi awiri ndi awiri. Ali pakati pa ntchitoyo, manambala a pamawaya anayamba kumuzimirira. Madokotala anati ndi matenda odya pakati pa diso, opanda mankhwala. Tsopano zinali zitadutsa zaka ziwiri Solange akungosiyanitsa kuwala ndi mdima basi. Galasi la kuchipinda analichotsa yekha pakhoma n'kukalibisa kuseri kwa kabati. Sankadandaula, ndipo zimenezo n'zimene zinkamupweteka kwambiri Firmin.

M'mwezi wa Epulo, chaka cha 2005, zitamveka kuti chindegecho chiuluka koyamba Lachitatu, anthu kuno anapenga. Tili ndi matenda athu ife: aliyense amene msuweni wake anamangako bawuti imodzi amayenda ngati ndege yonseyo anaipanga yekha kuseri kwa nyumba. Pamalo omwera khofi a pafupi ndi tchalitchi, makani ankayamba anthu asanavule ndi zipewa zomwe.

"Chiswa mawindo mudzi wonse uno," anatero mayi wogulitsa buledi. "Ine anga ndamata kale ndi selotepi."

"Mawindo ati? Kuti chiswe mawindo chiyambe chadzuka kaye," anayankha Albin Rouquette, mlongo wake wa Solange, mlimi wa abakha amene munda wake unagundana ndi mpanda wa bwalo la ndege. "Ine ndimaweta abakha, ndikudziwa. Bakha ukamunenepetsa mopitirira, mapiko amangokhala okongoletsera. Chimenecho chithamanga mpaka kumapeto kwa msewu n'kubwerera chamanyazi."

"Akuti mukwera anthu asanu ndi mmodzi okha," anatero mayi uja. "Malo otsalawo aikamo migolo ya madzi kuti chilemere ngati muli anthu."

"Mwaona? Eni akewo akuchiopa. Alamu," anatero Albin, akucheukira Firmin, "inu amene mukakhale nacho pafupi, tatiuzani. Chidzuka?"

Firmin anapukuta khofi pandevu. "Ine za ndege sindidziwa. Ndifunseni za akabawi."

"Zaka makumi atatu pabwalo la ndege, munthu n'kumadziwa za akabawi! Mlongo wanga anakwatiwa ndi chidole choopsezera mbalame, anthuni."

Lachiwiri madzulo, akudya nyemba zophikira pamodzi ndi nyama ya bakha, Solange anaika supuni pansi.

"Mawa ndani aime nacho pafupi kuposa iwe?"

"Oyendetsa ake."

"Usandiyankhe ngati Albin. Ndikunena otsala pansi."

"Ndiye kuti ndine. Andiika chakumapeto, moyang'anana ndi munda wa alamu. Akuti chikanyamukira cha pomwepo."

"Ukandionere."

Firmin anang'ung'udza kuti a pawailesi akafotokoza zonse.

"A pawailesi akanena manambala. Ine ndikufuna munthu wodziwa kuyang'ana chinthu chouluka. Iwe umatha kundiuza mmene kabawi amapindira mchira akafuna kukhota. Ukandiuze mmene mapiko ake akachitire, ngati ikayambe kudzuka ndi mphuno kapena chikadzuka chonse pamodzi. Zala zanga zili mmenemo, Firmin. Chidzauluka kambirimbiri, ndikudziwa, koma ine ndikufuna tsiku loyambali. Chifereni maso angawa sindinakupemphepo kanthu."

Zinali zoona, sanamupemphepo kanthu. Firmin anayamba kuwerengera mumtima. Sabata yonseyo mbalame zinali zitachepa. Udzu unali wautali mkati ndi kunja kwa mpanda. Mabwana anali atawonjeza magalimoto awiri oamira mbalame mbali zina za bwalo. Chimene chinkafunika kunali kucheuka kwa kanthawi kochepa, kokwana kuwerenga kufika khumi.

"Ndikakuonera," anatero. Aka kanali koyamba m'moyo wake kulonjeza kuti akafulatira mbalame.

Lachitatu kunacha bwino, kumwamba kuli mbee. Firmin analowa pabwalo dzuwa likungotuluka, koma misewu yonse yozungulira inali itadzaza kale. Ena anagona m'magalimoto, ena anabwera ndi makwerero a kunyumba, ena anali atakhala kale pamadenga a magalimoto awo akudya buledi ndi tchizi. Ana asukulu anali ponseponse, aphunzitsi awo ali pomwepo, palibe wofunsa mnzake. Atayandikira malo ake, Firmin anatsitsa galasi la galimoto, ndipo fungo linamupeza asanaone kanthu. Linali fungo la udzu wongodulidwa kumene.

Munda wa Albin, umene dzulo lake udzu unali wolekeza m'chiuno, unali utametedwa mpala. Theka lake munali anthu ndi magalimoto, theka linalo munali mizere ya udzu wonyowa. Mwini wake anali pafupi ndi mpanda, atavala epuloni, akukoleza makala owotchera masoseji.

"Alamu! Mwachita chiyani?"

"Ndakonza malo. Mumafuna anthu a m'mudzi mwathu aime m'mame mpaka m'chiuno? Aliyense akundithokoza, inu nokha."

"Mwadula liti?"

"Ndinayamba dzulo, ndamaliza m'mawa uno. Bwanji, mundawu ndi wanu?"

"Ndakhala ndikukuuzani za udzu zaka zingati?"

"Aaa, ulaliki wanu uja! Ine ndinkayesa mumangosowa chokamba." Albin anaseka, koma ataona nkhope ya mlamu wake, kuseka kunamuthera pakamwa. "Tsiku limodzi lokha, alamu. Mbalame zanuzo nazo zionere ndege."

Kumbuyo kwa Albin kunali Solange, atakhala pakampando kopinda, atavala jasi yake ya buluu, manja ali pamaondo. Mawu a mwamuna wake anawamva.

"Firmin, kwagwanji?"

"Palibe. Khala pomwepo."

Akabawi oyamba anafika isanakwane eyiti koloko, awiri okha, akuzungulira mwaulesi pamwamba pa mizere ya udzu ija. Pofika naini koloko Firmin anawerenga khumi ndi asanu ndi awiri. Wailesi inalira. Anali Maïté, mayi wa pansanja amene ankalankhula naye tsiku ndi tsiku.

"Bambo Cazalbou, tikuona tinthu takuda kumbali yanuko. Tide nkhawa?"

"Ndipatseni ola limodzi."

"Muli ndi ola ndi theka. Dziko lonse likutiyang'ana lero, chonde."

Mbalame siimangowomberedwa chiwomberewombere. Khombola ukaliphulitsa kumbuyo kwake, imathawira kumene sukufuna. Firmin ankayeza mphepo, n'kuphulitsa pakati pa akabawiwo ndi msewu wa ndege kuti azithawira kumtsinje. Anthu kunja kwa mpanda ankayesa makombolawo ndi a chikondwerero, ndiye lililonse likaphulika ankaomba m'manja n'kumakuwa kuti liphulikenso lina. Zinamupsetsa mtima, koma zinamupatsanso nzeru. Anazimitsa tepi ya mbalame n'kulankhula yekha pachimkuzamawu, chinthu chimene anali asanachitepo, kupempha anthuwo kuti amwazikane m'munda wonse, makamaka pamene panali mizere ya udzu, kuti akabawi asowe potera. Anthu anangoyang'anana. Anali Albin amene anasiya makala ake n'kuyamba kuwakusa ngati abakha, akukupiza epuloni ndi kutukwana. Pofika teni koloko mundawo unali utadzaza mpaka m'makona, ndipo akabawi anali atakatera m'mitengo itali ya kumapeto kwake.

Chindege chija chinatulukira kutali, kumayambiriro kwa msewu, chikuyenda pang'onopang'ono. Chili pansi Firmin anali atachiona kangapo, ndiye sanataye nacho nthawi. Anasanthula mitengo ija umodziumodzi ndi magalasi ake.

"Kumbali yanu kuli bwanji?" anafunsa Maïté.

"Kuli mbee."

"Tikuchimasula."

Chinamtindi chonse chija chinati zii. Injini zinayamba kukoka mpweya kutali. Firmin anatsitsa magalasi n'kuyamba kutembenuka. Phewa linali litatembenuka kale pamene m'mbali mwa diso anaona nthambi ikugwedera. Akabawi atatu anali atadzuka. Mwina akanangozungulira pamunda n'kubwerera mumtengo, pakuti nthawi zambiri amatero. Koma wapatsogoloyo anapinda mchira, ndipo Firmin ankadziwa kumene ankalowera. Dzuwa linali litatenthetsa phula la msewu wa ndege, ndipo akabawi amakonda kukwera pa mpweya wofunda wochokera pamenepo.

Anatukwana mawu amene sitingawalembe pano, n'kubweza phewa lija. Anaphulitsa khombola loyamba, kenako lachiwiri. Wapatsogoloyo anazengereza koma sanabwerere. Firmin anatsegula mfuti, kuikamo makombola ena, n'kuphulitsa lachitatu pamphuno pake penipeni. Nthaka inayamba kunjenjemera pansi pa nsapato zake. Anaphulitsa lachinayi, ndipo kabawi uja anapendekeka n'kukhotera kumtsinje, anzake awiri akumutsatira. Pa nthawi yomweyo chinthu chachikulu chinadutsa kumbuyo kwake, mphepo yake n'kumukankha jekete pamsana. Sanacheuke. Kabawi wothawa amatha kusintha maganizo, ndiye sanawachotsere maso mpaka atadutsa mitengo.

Pansi pa akabawiwo panali anthu, ndipo Firmin anawaona onse. Mitu zikwizikwi inkadzuka pamodzi, pang'onopang'ono, pakamwa pali yasa. Mayi wogulitsa buledi anali atatseka makutu ndi manja, kenako anawachotsa modabwa. Gogo wina anavula chipewa, misozi ikutsikira m'ndevu, osaipukuta. Bambo wina wa kamera yaitali anaiwala kudina, kamerayo ikulendewera pamimba. Albin anali ataimika foloko m'mwamba, masoseji akupserera kumbuyo kwake. Pakati pa nkhope zonsezo panali imodzi imene Firmin anaiyang'ana nthawi yaitali kuposa zina. Kenako mfuu unaphulika, anthu osadziwana n'kumakumbatirana.

Atacheuka, chindege chija chinali kadontho koyera, kandege kena kakang'ono kakuchiperekeza pambali.

"Mwachiona, bambo Cazalbou?" Maïté ankachita kukuwa pawailesi. "Mwachiona mmene chadzukira?"

"Kuno kuli mbee," anayankha Firmin.

Chinabwerako patadutsa maola pafupifupi anayi. Dzuwa linali litaswa mtengo, akabawi atabwereranso, ndiye nako kutera Firmin anakumvera kumsana. Poweruka anadzera kwa ozimitsa moto a pabwalopo n'kuwafunsa mmene chinanyamukira. Anyamatawo anamuuza kuti chinali chachikulu, chinali chokongola, ndipo mphuno ndi imene inayamba. Anayenda nazo zimenezo m'mutu mpaka kunyumba, akuziyeseza ngati mwana wasukulu.

Anapeza Solange atakhala patebulo, supu itaphikidwa kale, buledi atadulidwa.

"Ndiuze."

"Mphuno ndi imene inayamba," anatero Firmin, akukoka mpando. "Kenako chonse chinadzuka. Chinali chokongola kwambiri. Chachikulu. Choyera."

"Choyera," anabwereza Solange. "Munthu amene amandiwerengera nthenga za kabawi lero akundiuza kuti choyera. Wakuuza ndani, ozimitsa moto?"

Firmin anayang'ana m'mbale.

"Makombola anayi, Firmin. Ndinawerenga. Loyamba injini zitangoyamba kukoka, lomaliza chikudutsa. Onse amaphulikira pamwamba pa mutu wanga. Uli ndi maso kunkhongo iwe?"

Manyazi anamugwira, osati a kusacheuka kuja koma a bodzali. M'zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati wawo anali asanagwiritsepo ntchito kusaona kwa mkazi wake pomunamiza.

"Ndakulakwira," anatero. "Akabawi anali atatu. Wapatsogolo anapinda mchira."

"Ukanawasiya, muli mawaya anga ndi ana a eni asanu ndi mmodzi mmenemo, bwenzi lero ukukagona ndi abakha a Albin." Solange anafufuza supuni yake patebulo mpaka anaipeza, koma sanadye. "Komabe zikundiwawa, sindikubisira. Ndinkafuna kuchiona ndi maso ako."

Supu inkazizira. Kenako Solange anayamba yekha.

"Poti iwe makutu anali odzaza makombola, ndikuuze ine. Sichinabangule ngati zinazi ayi. Chinangokhala ngati chikupuma mpweya umodzi wautali. Pansi pa mpweyawo ndimamva matayala akulira paphula, onse aja, akuyandikira. Kenako kulira kwa matayala kunangoleka. Pomwepo ndinadziwa kuti chadzuka." Anatembenuzira nkhope kumene kunali mwamuna wake. "Nanga iwe, poti maso unali nawo, unaona chiyani?"

"Anthu."

"Ndiuze za anthuwo."

Ndipo Firmin anafotokoza, tsopano mmene amafotokozera za mbalame, osadumpha kanthu. Ananena za manja a mayi wa buledi, za chipewa cha gogo uja, za kamera yoiwalika. Atafika pa foloko ya Albin ndi utsi wa masoseji, Solange anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti mawa akamufunse za bakha wonenepa uja.

"Panalinso mayi wina pakampando," anapitiriza Firmin, mawu atatsika. "Wa jasi ya buluu. Aliyense mutu unali m'mwamba, iye yekha anali ataupendeketsa, khutu lili kumsewu. Zala zake zimayenda pabondo ngati akumanga mawaya. Ndiye anamwetulira anthu onse aja asanakuwe. M'munda monse muja, iye ndi amene anayamba kudziwa."

Solange anakweza dzanja n'kudzigwira patsaya, monga munthu wogwira chinthu cha eni.

"Wakalamba mayi ameneyo?"

"Imvi zawonjezeka cha apa." Firmin anamukhudza pamwamba pa khutu. "Ndipo pali kamzere katsopano pambali pa kamwa, kumanzere. Kamaoneka akamwetulira."

Solange anakankhira mbale ya supu pambali n'kusendeza mpando kufupi ndi mwamuna wake.

"Pitiriza," anatero. "Usathamange. Yambira pachipumi."